Mtsikana wa m'nkhani zopeka: womvera, wolakwa kapena wolira basi?

M'midzi yambiri ya chigawo chino cha Africa, uthenga wa chitukuko sufika kudzera m'malipoti a akatswiri. Umafika kudzera m'nkhani. Pa tsiku la chionetsero cha zaulimi pamakhala sewero. Pa wailesi pamakhala sewero la mlungu ndi mlungu. Kusukulu ana amawerenga nkhani zimene adzalembere mayeso, ndipo madzulo, kumene mwambowu udakalipo, agogo amati "padangokhala" adzukulu n'kuvomera kuti "tilitonse". Anthu sachedwa kuiwala ziwerengero zimene mlangizi watchula pamsonkhano, koma amakumbukira kwa zaka zambiri mtsikana wa m'sewero amene adathawa sukulu chifukwa cha foni ya m'manja, n'kubwerera kwawo ali wodwala.

Popeza nkhani zili ndi mphamvu yotere, n'koyenera kuti alangizi, aphunzitsi, atsogoleri a makalabu ndi makolo aziyang'anitsitsa mtsikana amene amaoneka m'nkhanizi. Kodi ndi wotani? Amalankhula chiyani? Nkhani ikamatha, amakhala ali kuti? Mayankho a mafunsowa amakhudza mmene mudzi umaonera atsikana enieni, omwe amatunga madzi pamjigo ndi kukhala m'makalasi athu.

Chikombole chimodzi, njerwa zambirimbiri

Woumba njerwa amadziwa kuti dothi lingasiyane bwanji, likalowa m'chikombole chimodzi limatuluka lofanana. Olemba nkhani ndi okonza masewero ambiri ali ndi zikombole zochepa zoumbira atsikana a zaka za pakati pa 13 ndi 19, ndipo amazigwiritsa ntchito mobwerezabwereza mpaka omvera amadziwiratu mathero nkhani isanafike pakati.

Chikombole choyamba ndi cha mtsikana wofatsa. Ameneyu amadzuka m'mamawa, kusesa, kutunga madzi, kuphika, ndipo akamalankhula ndi akulu amagwada n'kuyang'ana pansi. Satsutsa, safunsa, ndipo sitimva n'komwe zimene iye amalakalaka. Ulemu ndi khama n'zabwino, palibe angakane. Vuto lili pa mphoto imene wolemba amamupatsa: mwamuna wabwino. Khama la mnyamata limamufikitsa pa ntchito, pa ufumu kapena pa chuma chakechake, pamene khama la mtsikana limamufikitsa pakhomo pa munthu wina.

Chachiwiri ndi cha mtsikana wa maso patalipatali. Ameneyu ndi wokongola, wokonda zovala, mafuta odzola ndi za m'tauni. Amagwa m'manja mwa chidyamakanda, ndipo nkhani imatha iye ali ndi pakati, ali ndi kachilombo ka HIV kapena ali m'manda. Akulu a m'nkhaniyo amapukusa mitu n'kunena kuti chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Koma taonani kumene bambo wa galimoto uja amathera. Kawirikawiri amangozimirira m'nkhanimo. Saitanidwa kubwalo la mfumu, saonekera kupolisi, ndipo mkazi wake ndi anzake sam'funsa kanthu. Chilango chonse chimagwera mwana wa zaka 15, pamene munthu wa zaka 45 amene adakonza msamphawo amatuluka wopanda banga.

Chachitatu ndi cha mtsikana wozunzika. Ameneyu ndi wamasiye, kapena akukakamizidwa ukwati ndi amalume ake. Ntchito yake m'nkhani yonse ndi kulira mpaka atatulukira mpulumutsi: mphunzitsi wachifundo, wapolisi, kapena mlendo wa bungwe amene wabwera pa galimoto yoyera. Nkhani zotere zimalembedwa ndi mtima wabwino, komabe zimaphunzitsa kuti mtsikana alibe nzeru yodzithandizira, ndiponso kuti thandizo silichokera m'mudzi momwemo.

Pali wina wachinayi amene sitimuona msanga chifukwa alibe ngakhale dzina. Ndi mlongo wake wa mwininkhani, amene amalowa kudzapereka madzi osamba m'manja n'kutuluka. Mnyamata akupita kukaona dziko, iye amatsala akutsuka mbale.

Mnyamata amaloledwa kulakwa

Kusiyanaku kumaoneka bwino tikayang'ana mmene mabuku athu amachitira ndi mnyamata wopulupudza. Buku la Nthondo, limene Samuel Josia Nthara adalemba ndipo lidasindikizidwa mu 1933, ndi limodzi mwa mabuku oyambirira a nkhani yopeka m'Chichewa. T. Cullen Young adalimasulira m'Chingerezi mu 1934 pansi pa mutu wakuti Man of Africa. Nthondo ali mnyamata adali wakuba ndi wovutitsa. Adachoka kwawo kukafuna ntchito kutali, adabwerera, adakhala mfumu ndipo pambuyo pake adatembenuka mtima. Zolakwa za ubwana wake sizidatseke tsogolo lake. Zidakhala mbali ya ulendo wake wa kukula.

Mwayi umenewu, wolakwa n'kuphunzira n'kupitirira, ndi umene mtsikana wa m'nkhani zathu samapatsidwa kawirikawiri. Iye amalakwa kamodzi kokha, ndipo kulakwako kumakhala mathero a nkhani. Omvera amatuluka ndi phunziro limene palibe adalitchula pakamwa: kuti mnyamata akagwa amadzuka, koma mtsikana akagwa ndiye kuti madzi atayika.

Kodi zikombolezi zidachokera kuti?

Mbali ina idachokera m'nthano. Pafupifupi mtundu uliwonse wa m'chigawo chino uli ndi nthano ya namwali wokongola amene adakana anyamata onse a m'mudzi mwake, n'kulola mlendo wooneka bwino amene usiku ankasanduka fisi kapena mkango. M'nthano zambiri zotere, amene amazindikira chinsinsicho ndi kumupulumutsa ndi mlongo wake wamng'ono, kamnyamata kamene iye ankakanyoza ndi kukabweza panjira. Nthanoyi ili ndi nzeru yake, pakuti imachenjeza za munthu amene kwawo sikudziwika. Koma imanenanso kuti mtsikana wodzisankhira yekha amasankha molakwika, ndipo ngakhale kamnyamata kamaona patali kuposa iye.

Tisafulumire kunena kuti chikhalidwe chathu n'chimene chidachepetsa mtsikana. Mbiri ya Amaravi imatchula Nyangu, mayi amene mafumu a Kalonga ankachokera m'mimba mwake, ndiponso Makewana wa ku Msinja, amene mafumu ankadalira pa nkhani ya mvula. M'madera a chikamwini, munda ndi mbumba zimatsata mayi, ndipo kubadwa kwa mwana wamkazi ndi kukula kwa mudzi. Nkhani za akazi amphamvu zidalipo. Funso n'lakuti ndani adasankha zoti zilembedwe.

Apa ndi pamene mbali yachiwiri ikubwera. Sukulu zoyamba za amishoni ndi za atsamunda zidaphunzitsa anyamata ambiri kuposa atsikana, ndipo atsikana ochepa amene adalowamo ankaphunzira makamaka kusoka, kuphika ndi kusamala pakhomo. Motero olemba oyamba adali amuna, osindikiza adali amuna, ndipo osankha mabuku a m'sukulu adalinso amuna. Iwo adalemba bwino za ubwana umene ankaudziwa, wa kubusa, wa kudambwe ndi wa ulendo wa ku Joni. Mtsikana ankamuonera patali. Akazi adachedwa kupeza mwayi wosindikiza nkhani zawo zazitali. Ku Malawi, Walije Gondwe amatchulidwa kuti ndiye mayi woyamba kutero, ndi buku lake la Love's Dilemma la mu 1985. Ku Zimbabwe, buku la Tsitsi Dangarembga la mu 1988 lidali loyamba la m'Chingerezi lolembedwa ndi mayi wachikuda wa m'dzikomo. Ku Mozambique, Paulina Chiziane adatsegula njirayo mu 1990 ndi buku la Balada de Amor ao Vento. Kuchokera pa Nthondo kufika pa mabukuwa padadutsa zaka zoposa 50.

Mbali yachitatu idabwera ndi mliri wa Edzi. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, maboma, mipingo ndi mabungwe adafuna uthenga wachangu woti upulumutse miyoyo, ndipo njira yachidule idali yoopseza. Masewero, zithunzi za pakhoma ndi timabuku ta achinyamata zidadzaza ndi mtsikana wa yunifolomu akukwera galimoto ya chidyamakanda. Cholinga chidali chabwino, koma chithunzi chimene chidatsala m'maganizo a anthu n'chakuti matenda ndi manyazi zimalowa m'mudzi kudzera mwa mtsikana.

Malamulo adasintha, nkhani zidatsalira

Wina angafunse kuti nkhani ya mabuku ndi masewero ikukhudza bwanji mlimi kapena mlangizi wa kumudzi. Ikumukhudza chifukwa mavuto amene nkhanizi zimakamba ndi enieni, ndipo mmene timawafotokozera ndi mmenenso timawathetsera. Kafukufuku wa chiwerengero cha anthu ndi zaumoyo wa ku Malawi wa mu 2015 ndi 2016 adapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 adali atabereka kale kapena adali ndi pakati, ndipo amayi 42 mwa 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 adakwatiwa asanakwanitse zaka 18. Kafukufuku wofanana naye wa ku Zambia wa mu 2018 adapezanso atsikana 29 mwa 100 alionse pa nkhani ya kubereka msanga. Atsikana ochuluka chotere sangakhale onse okonda ndalama kapena osamva malangizo. Ambiri mwa iwo ndi ana a m'mabanja amene nkhokwe imatha mwezi wa Disembala usanafike, amene sukulu ya sekondale ili kutali, kapena amene adakakamizidwa ndi munthu amene ankam'khulupirira.

Maboma adazindikira zimenezi. Dziko la Malawi lidalola mu 1993 kuti mtsikana wobereka abwerere kusukulu, ndipo Zambia idachita chimodzimodzi mu 1997. Mozambique idathetsa mu 2018 lamulo la mu 2003 limene linkatumiza atsikana apakati ku makalasi a usiku. Zimbabwe idaletsa mu 2020 kuchotsa mwana sukulu chifukwa cha pakati. Pa nkhani ya ukwati, Malawi idakhazikitsa zaka 18 m'lamulo la maukwati la mu 2015 ndipo idasintha malamulo aakulu a dziko mu 2017 kuti agwirizane nalo. Mozambique idakhazikitsa lamulo loletsa maukwati a ana mu 2019, ndipo Zambia idasintha lamulo lake la maukwati mu 2023.

Tsono taganizirani mayi wa m'gulu la amayi oyang'anira maphunziro a atsikana, amene wakhala miyezi itatu akunyengerera banja lina kuti mwana wawo wobereka abwerere m'kalasi. Pa tsiku la msonkhano wa makolo, kalabu ya zisudzo ya pasukulu pomwepo ikuonetsa sewero limene mtsikana wapakati akuthamangitsidwa, anthu akuseka, ndipo wotsogolera akutseka ndi mawu akuti tsogolo lake lathera pomwepo. M'mphindi 20 seweroli lagwetsa ntchito ya miyezi itatu. Lamulo likuti bwerera, koma nkhani ikuti watha. Mtsikanayo ndi makolo ake amamvera nkhani, chifukwa ndi imene anzake a m'kalasi adzam'kumbutse.

Chodabwitsa n'chakuti atsikana enieni achita zazikulu kuposa anzawo a m'nkhani zopeka. Mu Januwale 2016, khoti loona za malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe lidagamula kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Amene adakasuma mlanduwo adali amayi awiri achitsikana, Loveness Mudzuru ndi Ruvimbo Tsopodzi, omwe iwo eni adalowa m'banja ali ana. Ku Malawi, Memory Banda adayamba kulimbana ndi maukwati a ana ali mtsikana, ndipo adali m'gulu la amene adakakamiza aphungu kuti asinthe lamulo. Mpangankhani wotere akadaoneka m'sewero la pamudzi, ena akadati wolembayo wakokomeza.

Munda wa chimanga wa Tambu

Buku limene lidaswa zikombolezi poyera m'chigawo chino ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga, limene lidalandira mphoto ya olemba a maiko a Commonwealth, chigawo cha Africa, mu 1989. Nkhani yake imachitika ku Rhodesia m'zaka za m'ma 1960, ndipo alimi angaimvetse msanga kuposa wina aliyense.

Tambudzai, amene amangomutchula kuti Tambu, ndi mwana wa banja losauka la kumudzi. Chaka china zokolola zitavuta, ndalama ya sukulu ikukwanira mwana mmodzi yekha, ndipo makolo akusankha mnyamata, Nhamo. Bambo ake saona phindu la sukulu kwa mwana amene adzakwatiwe. Tambu sakhala pansi kulira. Akupempha mbewu, n'kulima yekha kamunda ka chimanga pamalo pamene malemu agogo ake aakazi, omwe adam'phunzitsa kugwira khasu, ankalima. Chimanga chitakhwima chikuyamba kusowa m'munda, ndipo wakubayo ndi Nhamo yemweyo, amene akugawira anzake. Tambu atazindikira, akum'gwira n'kumenyana naye pamaso pa anthu. Mphunzitsi wina, a Matimba, akum'tengera ku Umtali, mzinda umene lero ndi Mutare, kukagulitsa chimanga chachiwisi chotsalacho. Kumeneko mayi wina wachizungu wokalamba akupereka mapaundi 10, ndipo ndalamayo ikusungidwa kwa mphunzitsi wamkulu kuti ilipire sukulu ya Tambu, ngakhale bambo ake akuti ndi yawo.

Tambu salowa m'chikombole chilichonse. Ndi wakhama, koma si wofatsa. Amakwiya, amachita nsanje, ndipo nthawi zina amanyoza kwawo. Wolemba sabisanso kuti khama lokha silidakwanire: mwayi wopita ku sukulu ya mishoni ya a Babamukuru, akulu awo a bambo ake, udam'peza chifukwa chakuti Nhamo adamwalira ndipo panalibe mnyamata wina woti atenge malowo. Kumishoniko akukumana ndi Nyasha, mwana wa a Babamukuru, amene adakhalako ku England. Wolemba wina akadamuumba Nyasha ngati mtsikana woonongeka wa m'tauni. Dangarembga akumuonetsa ngati mwana wanzeru, wokonda kuwerenga ndi kufunsa, amene akudwala matenda okana chakudya chifukwa cha kupanikizika pakati pa ulamuliro wa bambo ake ndi dziko la atsamunda. Wowerenga samaliza bukuli akufunsa kuti wabwino ndani pakati pa atsikana awiriwa. Amamaliza akufunsa chimene chalakwika pakhomo pamene mwana aliyense wamkazi amalipira mtengo wotere kuti aphunzire.

Ena amene adayesa njira ina

Ku Botswana, Unity Dow, mayi woyamba kukhala woweruza wa khoti lalikulu m'dzikomo, adatulutsa buku la Far and Beyon' mu 2000. Mwininkhani wake, Mosa, ndi wa m'banja limene lataya ana aamuna awiri ndi Edzi. Iye adasiya sukulu atatenga pakati. M'nkhani zambiri apa ndi pamene pakadakhala mathero, koma kwa Mosa ndi poyambira. Akubwerera kusukulu ndipo, pamodzi ndi atsikana anzake, akuulula aphunzitsi amene amagona ana asukulu.

Chaka chomwecho ku Zimbabwe kudatuluka filimu ya Yellow Card, imene idatembenuza funso lonse. Mwininkhani ndi Tiyane, mnyamata wa luso pa mpira, amene akupereka pakati kwa Linda, mnzake wa kusukulu. Iye akuyesa kuzemba, koma khandalo likufika pakhomo pa makolo ake ndipo akuyenera kulisamala. Filimuyi idaonetsedwa m'maiko ambiri a mu Africa, ndipo idapatsa anyamata mwayi wodziona okha m'nkhani ya mimba za ana asukulu, imene kale inkaoneka ngati ya atsikana okha.

Bungwe la UNICEF nalonso lidayambitsa mu 1996 nkhani za Sara, mtsikana wa m'timabuku ta zithunzi, makanema ndi masewero a pawailesi, zokonzedwera maiko a kum'mawa ndi kummwera kwa Africa. Sara amayenda ndi anzake Amina ndi Juma komanso kanyani kake Zingo. M'nkhani yoyamba, The Special Gift, akuuzidwa kuti asiye sukulu chifukwa ndalama zachepa. Iye akuphunzira m'buku kuumba mbaula yosatha nkhuni zambiri, ndipo luso limeneli ndi limene likutsegula maso a akulu kuti sukulu ya mtsikana ili ndi phindu pamudzi. M'nkhani ina, The Trap, bambo wa sitolo akufuna kum'kola ndi mphatso, koma amene akukodwa pamapeto ndi bamboyo. Ku Malawi, pulogalamu ya Zathu, imene bungwe la Girl Effect lidakhazikitsa mu 2017, idaika anyamata atatu ndi atsikana atatu m'gulu limodzi loimba, pofuna kuonetsa chinthu chimene nkhani zathu sizionetsa kawirikawiri: mnyamata ndi mtsikana amene ndi mabwenzi chabe.

Chenjerani ndi chikombole chatsopano

Pothawa zikombole zakale, mabungwe ena aumba china. Ameneyu ndi mtsikana wopanda chilema: woyamba m'kalasi, wokana anyamata onse, wolankhula ngati kabuku ka malangizo. Nkhani imatha iye atavala gauni, ali dokotala kapena loya, akutsika galimoto pamudzi pamene anzake osamvera aja akum'yang'ana ali ndi makasu paphewa ndi ana kumbuyo.

Chithunzichi chili ndi zovuta ziwiri. Choyamba, atsikana ambiri sakhala oyamba m'kalasi, ndipo malo a sekondale ndi a ku yunivesite ndi ochepa. Mtsikana amene walephera mayeso a Sitandade 8 akamva nkhani yotere amadziona ali m'gulu la olephera aja, ndipo ukwati umaoneka ngati njira yokhayo yotsala. Chachiwiri chikukhudza alimi mwachindunji: khasu lasanduka chizindikiro cha chilango. M'chigawo chimene mabanja ambiri amadalira ulimi, ndipo amayi ndiwo amagwira gawo lalikulu la ntchito ya kumunda, nkhani zathu zikuuza mtsikana kuti kupambana ndi kuthawa kumudzi basi. Tili ndi nkhani zingati za mtsikana amene akuweta mbuzi zake, akulemba mabuku a banki m'khonde, akukambirana mtengo wa mtedza ndi mavenda, kapena akuphunzira kukonza pampu ya mthirira? Tambu adayamba ndi munda, ndipo Sara adayamba ndi dothi la mbaula.

Kodi tisiye kunena zoona?

Okonza masewero ena amayankha kuti iwo amangoonetsa zimene zimachitika, ndipo atsikana otengeka ndi ndalama alipodi. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe akunena kuti nkhani zibise mimba, matenda kapena nkhanza. Mu We Need New Names, buku la NoViolet Bulawayo la mu 2013, muli Chipo, mwana wa zaka 11 amene ali ndi pakati pa agogo ake aamuna. Mu Under the Tongue la Yvonne Vera, la mu 1996, muli Zhizha, mwana amene wasiya kulankhula atagwiriridwa ndi bambo ake. Mabukuwa ndi owawa kuposa sewero lililonse la pamudzi. Kusiyana kwake n'kwakuti wowerenga amakhala kumbali ya mwanayo, amadziwa amene walakwa, ndipo saseka.

Vuto silili pa nkhani imodzi, koma pa kubwereza. Mlembi wa ku Nigeria, Chimamanda Ngozi Adichie, adakamba mu 2009 za kuopsa kodziwa anthu kudzera m'nkhani imodzi yokha. Mudzi umene kwa zaka 30 waona mtsikana mmodzimodziyo m'masewero onse umayamba kuona mtsikana ameneyo mwa mwana aliyense. Akabwera wina kudzadandaula kuti mphunzitsi kapena mwini golosale akum'vutitsa, akulu amayamba ndi kufunsa zimene iye adavala ndi zimene adalandira, chifukwa nkhani zidawaphunzitsa kale kuti wolakwa amakhala ndani.

Mafunso oyezera nkhani

Simuyenera kukhala katswiri wa mabuku kuti muyeze nkhani. Mu 1985 mayi wina wojambula wa ku America, Alison Bechdel, adatchukitsa muyeso wosavuta wa mafilimu: kodi muli akazi awiri, amene amalankhulana, ndipo zimene akukambirana si za mwamuna? Muyesowu ungagwire ntchito pa sewero la kalabu yanu. Kuonjezera apo, musanalole kuti sewero lionetsedwe kapena nkhani iwerengedwe pa gulu, funsani mafunso awa.

Kodi mtsikana wa m'nkhaniyi ali ndi dzina, ndipo tikudziwa chimene akufuna pa moyo wake kupatula ukwati?

Kodi pali chimene akuganiza ndi kuchita yekha chimene chikusintha mayendedwe a nkhani, kapena zinthu zikungomuchitikira?

Ngati pali pakati kapena matenda, kodi mwamuna amene akukhudzidwa akuoneka mpaka kumapeto, ndipo akuyankhapo chiyani?

Kodi omvera akuseka ndani? Ngati akuseka mwana wozunzidwa, seweroli likuphunzitsa zosiyana ndi zimene mudakonza.

Kodi mathero akugwirizana ndi lamulo la dziko lanu pa za kubwerera kusukulu ndi zaka zolowera m'banja?

Kodi thandizo likuchokera kuti? Muli azakhali, anamkungwi, mfumu, mlongo kapena anzake amene akuima naye, kapena onse a m'mudzi ndi oipa kufikira atabwera mlendo?

Njira yabwino koposa ndi kupereka cholembera kwa eni ake. M'makalabu ambiri a zisudzo atsikana amasewera mbali zimene anyamata kapena aphunzitsi awalembera. Apatseni mpata wokonza sewero lawo kuyambira pachiyambi, ndipo akulu mumvetsere osafulumira kukonza. M'makalabu omvera wailesi ndi m'sukulu za kwacha, imitsani nkhani isanathe n'kufunsa gulu kuti mtsikanayu angachitenso chiyani, ndipo ndani angam'thandize. Kwa agogo oimba nthano, palibe chifukwa chotayira nthano ya fisi uja. Mukamaliza, funsani adzukulu chimene chikadachitika namwaliyo akadakhala kuti ndiye adadzuka usiku n'kuona zimene mwamunayo amasanduka. Nthano sizidalembedwe pamwala. M'badwo uliwonse waziimba mogwirizana ndi nthawi yake.

Akuluakulu adati m'mera mpoyamba. Mtsikana wa zaka 13 amene wakhala kutsogolo pa bwalo la sewero akuphunzira zimene mudzi wake ukuyembekezera kwa iye, ndipo mnyamata wakhala pambali pake akuphunziranso zimene angachite popanda kufunsidwa. Sewero lotsatira limene gulu lanu likonze liwaonetse onse awiri mtsikana amene amalakwa n'kudzuka, amene ali ndi munda wake, maganizo ake ndi anthu a kwawo omuimira.